Marola pa tsitsi lothira mankhwala: mmene ndimadzimangira ndekha pakhomo

Loweruka ndikamaliza kuchapa ndi kukolopa, ndimatulutsa chigoba chakale cha ayisikilimu chomwe ndimasungiramo marola, n'kukhala patebulo la pafupi ndi zenera, galasi lalikulu kutsogolo, laling'ono pambali. Ana anazolowera. Akangomva makilipi akulira m'chigobamo amadziwa kuti amayi sapezeka mpaka dzuwa litapendeka. Tsitsi langa, lomwe nthawi ina linaduka kunkhongo mpaka kutsala ngati la mwana wa sukulu, pano likugunda m'mapewa, ndipo chomwe chinasintha ndi marolawa basi.

Linaduka chifukwa cha moto. Sabata iliyonse ndinkapita ku saluni ina kuno ku Blantyre, komwe akatsuka ankaliumitsa ndi dryer ya m'manja yotentha kwambiri, kenako n'kudutsitsa tong, chitsulo chotentha chija, mpaka kautsi kumafuka. Pochoka ndinkaoneka bwino, zimenezo sindingakane. Koma m'mawa ndikapesa, paphewa pankagwa tizidutswa ta tsitsi tating'onoting'ono ngati masamba a tiyi. Azakhali anga a ku Zomba, omwe anakonza anthu tsitsi pakhonde pawo kwa zaka zambiri, atandiona pa ukwati wina anandiitanira pambali n'kundigwira kunkhongoko. Anati, "Mwanawe, tsitsi ili waliphika kale ndi mankhwala, ndiye ukuliwotchanso? Ubwere kunyumba ndidzakuphunzitse marola." Ndinapita, ndinagona masiku awiri, ndipo lamulo lomwe ankabwereza ndikumanga linali limodzi: tsitsi lilowe pa rola likudontha, lichoke pa rola litauma gwa.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake chifukwa chake. Tsitsi ndi ulusi wa keratin, ndipo mkati mwa ulusiwo muli timfundo tomwe timaugwira. Tina n'tolimba, ta salfa, ndipo n'tomwe timachititsa kuti tsitsi lathu lipotane. Relaxer, mankhwala owongola tsitsi aja, imamasula timeneti, ndipo ikamasula sitibwereranso mwakale. N'chifukwa chake tsitsi lothira mankhwala limawongoka, komanso n'chifukwa chake limakhala lofooka kuposa lachibadwa. Timfundo tinato n'tofewa, timamasuka tsitsi likangonyowa, n'kumangikanso likamauma. Likaumira pa rola, timamangika motsatira rola. Zili ngati chitenje chonyowa chomwe mwayanika pachingwe: chikauma chimakhala ndi mzere wa chingwecho mpaka mutachinyowetsanso. Seti yonse, kutanthauza maonekedwe omwe tsitsi limatenga likaumira pa marola, yagona pamenepa. Setting lotion, yemwe timapopera pa tsitsi pomanga marola, amangothandizira, wogwira ntchito weniweni ndi madzi, polowa ndi potuluka.

Zomwe zili m'chigoba changa

Marola omwe ndimakhulupirira ndi apulasitiki osalala aja, omwe pa paketi amalemba kuti magnetic. Mulibe maginito m'menemo, kungoti tsitsi lonyowa limamatirira pa pulasitiki yosalala ngati tsamba lonyowa pagalasi. Amenewa ndiwo amatulutsa tsitsi losalala ndi lowala. Ali ndi vuto limodzi, amaterera m'manja mwa wophunzira, ndiye ngati mukungoyamba kumene mukhoza kuyambira a chivundikiro chokanikiza aja, ngakhale nthawi zina amasiya kamzere pomwe chivundikirocho chinaluma. A burashi mkati olasa ndi timapini amagwira msanga ndipo amauma msanga, koma pochotsa amakoka. Okhala ndi timinga ta velcro musayerekeze n'komwe pa tsitsi lonyowa lothira mankhwala, mudzalipeza lonse latsalira pa rola. A siponji amamwa chinyezi ndipo nsonga zimadukira momwemo, pokhapokha akhale okutidwa ndi nsalu ya satini, ndipo amenewo ndi ogona nawo usiku tsitsi lili louma.

Kukula kwa rola kumatsatira kutalika kwa tsitsi, osati mtundu womwe mwaukonda pa shelefu. Tengani katsitsi kamodzi muzungulize. Kakazungulira kamodzi ndi theka, mupeza tsitsi lowongoka lopinda kunsonga kokha. Kakazungulira kawiri kapena kawiri ndi theka, mupeza mafunde okongola omwe amavina mukamayenda. Kupitirira katatu, tsitsi lipotana kwambiri ndipo lichedwa kuuma. Ine la m'mapewali ndimaika marola a masentimita 4 kukula kwake pakati pamutu, a masentimita 3 m'mbali, ndi ang'onoang'ono a masentimita 2 kunkhongo komwe tsitsi n'lalifupi. Onse pamodzi amakwana 28 kapena 30. Gulani ochulukirapo, chifukwa marola akachepa munthu amayamba kuunjika tsitsi lambiri pa rola imodzi, ndipo seti imaonongekera pomwepo.

Makilipi achitsulo a mano awiri, awiri pa rola iliyonse. Chipeso cha mano otalikirana chomasulira, chipeso cha mano othithikana chokhala ndi mchira wosongoka chogawira, botolo lopopera madzi, neti yophimbira, ndi thonje pang'ono la m'makutu. Zonsezi zimapezeka m'mashopu a zodzola ku Limbe ngakhale mumsika. Chipeso cha mchiracho muchisisite ndi chala musanagule. Ngati pakati pa mano pali timalo tokala, chisiyeni, chimapala tsitsi.

Kutsuka

Seti yabwino imayambira m'beseni. Shampu ndimaika pakhungu la mutu, n'kutikita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, ndipo thovu lokha ndi lomwe limatsikira kunsonga. Tsitsi lothira mankhwala musaliunjike pamwamba pamutu n'kumalifikisa ngati mukuchapa masokosi, limapiringizana ndipo pomasula ndi pomwe limaduka. Ndikatsukuluza ndimapaka conditioner yambiri, kuvala kachipewa kapulasitiki, n'kudikira mphindi 20. Kamodzi pamwezi ndimaika treatment ya protein, chifukwa tsitsi lomwe timfundo take tinamasulidwa limafuna cholimbitsa. Mukaona kuti likanyowa likutanuka ngati lasitiki yotha osabwerera, ndiye kuti likufuna protein. Likakhala lokhakhala, lothetheka mukaligwira, likufuna chinyezi.

Kupesa koyamba kuchitike conditioner ikadali m'mutu, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera kutsinde. Kenako tsukuluzani ndi madzi ozizirirapo. Amene mumatunga pamjigo wa madzi amchere, ngati mmene zilili m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, mudzaona kuti tsitsi limatuluka lotuwa ngakhale mutachita zonse bwino. Tsukuluzani komaliza ndi madzi a mvula ngati mwasunga, kapena thirani supuni imodzi ya viniga mu lita imodzi ya madzi. Chimodzimodzinso amene mumathira relaxer ya m'bokosi yosakaniza nokha, yolembedwa kuti no-lye: imasiya kashiamu pa tsitsi, ndiye mwa apo ndi apo pamafunika shampu yochotsa zomatirira.

Thaulo ndi longofinyira kuti madzi asayenderere kumsana. Musapukute. Ndipo apa ndipempheko chinthu chimodzi, amayi anzanga: hair food, Vaseline ndi mafuta onse olemera akhale kaye patali. Tinakula tikuuzidwa kuti mutu wosadzola ndi mutu wa umphawi, koma mafuta olemera pa tsitsi lonyowa amatsekera madzi mkati. Mukhala mu dryer maola awiri, potuluka tsitsi lili lendelende, lomatana, lopanda moyo. Leave-in, conditioner wosatsukuluza uja, pang'ono, wokwana pansonga za zala ziwiri, ndi wokwanira.

Setting lotion wamadzi uja, monga Lottabody, ndimasungunula m'botolo lopopera, muyezo umodzi wa lotion ku miyezo inayi ya madzi. Werenganinso zomwe alemba pa botolo lanu poti ena amabwera osungunula kale. Akachuluka, tsitsi limauma ngati udzu wofolera ndipo mukapesa pamayoyoka zoyera zooneka ngati mfundu. Wa thovu uja ndi wosavuta kwa woyamba, koma musadalire thovulo kuti lilowe m'malo mwa madzi.

Kumanga kwenikweniko

Yambani ndi msewu wa pakati. Ikani rola pamwamba pa chipumi chopingasa, muone kutalika kwake, kenako lembani mizere iwiri ndi mchira wa chipeso kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, m'lifupi mwake mocheperako pang'ono kuyerekeza ndi kutalika kwa rolayo. Tsitsi likafika m'mphepete mwa rola limagwa, ndipo lomwe lagwalo limauma lokhwinyata. La m'mbali lipanireni kaye ndi makilipi kuti lisakusokonezeni.

Mu msewu uja, dulani kachigawo koyamba pachipumi. Kukhuthala kwake kusapose kukula kwa rola. Ngati mukukayika, chepetsani. Poperani mpaka kadonthe, ndipo ndikati kadonthe ndikutanthauza madzi atsikire pachigongono. Pesani ndi mano othithikana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, kawiri kapena katatu, mpaka kachigawoko kaoneke ngati riboni yonyowa, popanda katsitsi kopingasa. Kwezani m'mwamba mutakunga. Dzanja lamanzere ligwire pafupi ndi nsonga pakati pa chala cholozera ndi chapakati, lamanja libweretse rola kumbuyo kwa tsitsilo.

Apa ndi pomwe azakhali anandibweza kasanu ndi kawiri pa rola imodzi, ndiye nanenso ndichedwapo. Nsonga ndizo zimaweruza seti yonse. Goneketsani tsitsi pa rola patatsala masentimita atatu kapena anayi kuti lithe, kenako tsetsereketsani rolayo pang'onopang'ono kupita kunsonga, chala chachikulu chikusalaza tsitsi pa pulasitiki. Mukafika kumapeto, nsonga zonse zikhale zitagona chafufumimba pa rola, zitamatirira zokha, zitaloza mbali imodzi. Pakakhala timatsitsi taimirira, tigonekeni ndi mchira wa chipeso. Zikakana kumatirira, musalimbane nazo, ndiye kuti zauma, poperaninso. Mukangopinda nsonga imodzi chobwerera n'kuikulungira mkati, idzauma ili ngati mbedza, ndipo palibe chipeso kapena mafuta omwe adzaiwongole mpaka tsiku lotsukanso. Amene tsitsi lanu n'losalingana kutalika, timapepala topyapyala tokutira nsonga, tomwe amati end papers, timathandiza kwambiri: pindani kamodzi kukuta nsonga zonse, n'kukulungira limodzi.

Nsonga zikagwira, kulungani kutsika kumutu ndi manja onse awiri, zala zili m'mphepete mwa rola, tsitsi lili lokungika njira yonse. Kukunga sikukoka. Kukunga ndi kusalola kuti tsitsi likhwepe pakati pa rola ndi mutu, monga mmene mumagwirira ulusi posoka. Dzanja likafooka pakati panjira n'kuona tsitsi lachita thumba, masulani muyambirenso. Rola ikakhala pakhungu, lowetsani kilipi m'munsi mwake, dzino limodzi mkati mwa rola, linalo likukwawa pakhungu motsatira mzere. Ina mbali inayo. Gwedezani mutu. Rola yomangidwa bwino sigwedera. Kilipi musaike pamwamba pa rola pomwe tsitsi likuonekera, imasiya chidindo.

Komwe mwalozetsa tsitsi musanakulunge ndi komwe kumanena ngati lidzafufuma kapena lidzagona. Mukalikokera kutsogolo pang'ono, kupitirira poimirira, rola imakhala pamwamba penipeni pa kachigawo kake ndipo tsitsi limadzuka kuchokera kutsinde. Mukaliimika chilili, limafufuma pang'ono. Mukaligoneka cham'mbuyo, rola imakhala kunsi kwa kachigawoko ndipo tsitsi limagona. Ine paliwombo ndimakokera kutsogolo chifukwa ndi pomwe langa limaoneka lochepa, pamene m'mbali mwa makutu ndimagoneka kuti nkhope isaoneke yotambalala. Njira yokokera kutsogoloyi imawongolanso kutsinde bwino kuposa zinazo.

Pitirirani choncho mpaka kunkhongo, rola iliyonse ikugundana ndi inzake. Mukasiya mipata ndiye kuti zigawo zanu zakula. Msewu wanga umadya marola 8 kapena 9. Mukatero bwerani m'mbali, mbali iliyonse muigawe pawiri, kutsogolo kwa khutu ndi kuseri kwa khutu, n'kumakulunga chotsika, kuyambira m'mwamba.

Kumbuyo kumavuta aliyense. Maso sakufikako, galasi limakusokonezani kumanja ndi kumanzere, mikono imalema. Chomwe chinandithandiza ndi kusiya kudalira galasi. Ndimaweramitsa mutu, zigongono zili patebulo, n'kumagawa ndi kukhudza: mchira wa chipeso ukuyenda pakhungu, chala cha dzanja linalo chikuulandira mbali inayo. Galasi laling'ono ndi loonera pomaliza ngati pali katsitsi kotsalira. Tsiku loyamba ndili ndekha ndinatha maola awiri, tsitsi la mbali yomaliza linali litauma kale kawiri, ndikulinyowetsanso. Pano mphindi 40 zimandikwanira. Mikono ikalema pumani, tsitsi silithawa, bola botolo lopopera lili pafupi.

Timatsitsi ta m'mphepete mwa chipumi ndi pafupi ndi makutu mutichitire chifundo. N'tochepa mphamvu, mankhwala amatifikira msanga, ndipo tambiri tinavutika kale ndi mesh ndi mawigi. Pamenepo kungani mofewa, ndipo tating'ono kwambiri tisiyeni kunja kwa rola, mungotisalaza ndi thovu pang'ono. Mukamva mutu kuwawa, kapena mukaona khungu latukuka timatuza m'mbali mwa rola, masulani msanga. Dazi la m'mbali lomwe timaliona mwa amayi ambiri limayamba ndi kukoka kotereku, ndipo likakhalitsa tsitsi silimeranso.

Growth ikatuluka

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, mwa ena kuposerapo pang'ono. Ndiye pofika sabata yachisanu ndi chimodzi chithirireni mankhwala, kutsinde kumakhala kwadzaza growth, tsitsi latsopano lomwe silinathiridwe mankhwala, ndipo chipeso chimayamba kuima. Pomwe growth yakumana ndi tsitsi lowongoka ndi pamalo pofooka kuposa pena paliponse. Ambiri akafika apa amathamangira retouch, kuthiranso mankhwala kutsindeko, ndipo mankhwala amagweranso pa tsitsi lomwe linaphikidwa kale. Ine ndimadikira masabata 12. Ochepetsetsa omwe ndingamuuze munthu ndi 8.

Palinso china chomwe chinandilimbitsa mtima pa kudikiraku. Mu 2022 ofufuza a ku National Institutes of Health ku America anatulutsa zomwe anapeza atatsatira amayi oposa 33,000. Omwe ankagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi koposa kanayi pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero, osati ya khomo la chiberekero yomwe timaimva kawirikawiri kuno, mowirikiza koposa kawiri poyerekeza ndi omwe sankathira. Anaona kugwirizana kwa ziwirizi, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira kuti ndizithira kanayi kokha pachaka, osapitirira.

Chomwe chimandifikitsa ku masabata 12 ndi seti ya timichira. Tsitsi lili lonyowa, ndimaligawa m'zigawo 10 kapena 12. Chigawo chilichonse ndimachipesa mofatsa, choyamba ndi zala, kenako chipeso chachikulu, pomaliza chaching'ono, n'kuchimanga kutsinde ndi kalamba kofewa kopanda chitsulo, kuti growth iwongoke. Kamchira kalikonse ndimakagawa pawiri, rola imodzi uku, ina uku. Kutsinde kumauma kutakungika, ndipo growth imagona popanda moto. Kalambako kasathine mpaka kukweza nsidze, ndipo musagwiritse ntchito malabala a ndalama aja, amadula tsitsi lonyowa. Pamene panali kalamba pamatsala kamzere ndipo pamachedwa kuuma, ndiye chakumapeto ndimadula timalambato ndi sizasi mosamala, marola ali pomwepo, n'kubwerera mu dryer mphindi 10.

Kuumitsa

Mangani neti, ikani thonje pamakutu ndi paliponse pomwe kilipi yagunda khungu, chifukwa chitsulo chikatentha chimawotcha. Musanayatse dryer yang'anani mayunitsi pa mita. Dryer yovala kumutu ngati chisoti ndiyo yabwino, pa moto wapakati. Langa limatenga ola limodzi ndi mphindi 15. Lalifupi likhoza kutha m'mphindi 45, lalitali ndi lodzaza mpaka ola ndi theka kapena kuposa. Ngati mulibe yotereyi, pali kachipewa kansalu kokhala ndi paipi komwe mumalumikiza ku dryer ya m'manja. N'kotsika mtengo ndipo kamagwira ntchito, kungoti muzikatembenuza chifukwa mbali yomwe mpweya ukulowera imatentha kuposa inzake. Kukweza moto kuti muthe msanga n'kubwerera komwe tinathawa kuja.

Magetsi akathima muli pakati, musamasule. Siyani neti pomwepo, khalani pomwe pakupita mphepo, pitirizani tintchito tanu. Kuuma ndi mphepo yokha kumatheka, koma kumafuna maola 5 kapena 6, mwinanso tsiku lonse, ndiye tsiku lomwe mukukayika magetsi yambani m'mamawa, gawani tizigawo tating'ono kwambiri, ndipo lotion achepe. Mu Okutobala zimayenda bwino. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa kuno ku Blantyre, tsitsi likhoza kufika madzulo likadali lonyowa, ndiye nyengo imeneyo ndimayamba ndaonetsetsa kuti magetsi alipo. Ndinamvapo ena akuti amaweramira pa mbaula. Chonde ayi. Marola ndi apulasitiki, zina zomwe timapaka m'mutu zimagwira moto, utsi umakanirira m'tsitsi, ndipo mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha.

Tsopano kudziwa kuti lauma. Pamwamba pa rola pamauma msanga, pamawala, ndipo mtima umayamba kukuuzani kuti basi zatheka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsitsi la mkati, lomwe lagundana ndi pulasitiki, ndi nsonga zija, ndipo ndizo zimauma pomaliza. Ndinaphunzira izi tsiku lomwe ndinali pa mzere wa operekeza mkwati. Galimoto inali ikuimba hutala panja, ndinachotsa marola patatsala mwina mphindi 15 zokha. Pagalasi zinali bwino. Pofika kutchalitchi kunkhongo kunali kutafufuma, pofika ku holo mutu wonse unali utagwa, ndipo zithunzi za tsiku limenelo zilipo mpaka lero.

Ndiye yesani motere. Tulukani mu dryer, dikirani mphindi 5 kuti mutu uzizire, chifukwa tsitsi lotentha limanamiza, limamveka louma. Masulani rola imodzi ya paliwombo ndi ina ya kuseri kwa khutu, komwe tsitsi n'lodzaza ndipo mpweya sufikako bwino. Gwirani nsonga ndi kutsinde. Mukamva kuzizira kwa chinyezi, kapena tsitsi likatsika mwaulesi osadumphira m'mwamba, poperani pang'ono nsongazo, bwezeranipo rola, mubwerere mphindi 15. Louma limadumpha ngati sipuling'i ndipo limamveka lopepuka. Likauma lonse, khalanibe ndi marola mphindi 10 kapena 15 mpaka mutu uzizirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi zomalizazi ndi zomwe zimapatsa seti masiku ake.

Pochotsa yambani kunkhongo kukwera m'mwamba. Chotsani makilipi onse awiri kaye, kenako masulani rola mozungulira mmene inalowera, osaisolola cham'mbali. Dontho limodzi kapena awiri a serum kapena mafuta opepuka m'zikhatho, tikitani manja, n'kupitsa pa tsitsi. Mizere yomwe munagawa ija imaoneka, ndiye lowetsani nsonga za zala pakhungu n'kutikita pang'ono kuti itsekeke. Ngati mukufuna mafunde, zala zokha zikwanira, kapena chipeso chachikulu kamodzi.

Masiku ambiri ine ndimafuna lowongoka lokhala ndi thupi, loyenera ku ofesi, ndiye ndimapanga wrap. Ndimalemba mzere pambali, n'kumapesa tsitsi lonse mozungulira mutu mbali imodzi, dzanja lina likutsatira kusalaza, mpaka mutu uoneke ngati chisa chosalala. Kenako ndimakulunga ndi pulasitiki yopyapyala yokutira zakudya ija, n'kulowa mu dryer mphindi 10 pa moto wochepa. Likazizira ndimachotsa pulasitiki n'kupesa chotsitsa. Limagwa lofewa, lowala, lopinda kunsonga, ndipo anzanga kuntchito amafunsa kuti ndi saluni iti. Pulasitikiyi ndi ya tsitsi louma kale. Pa lonyowa imangolifundika.

Kuti ifike Lachisanu

Mdani wa seti ndi yemwe uja anaimanga, madzi. Nthunzi ya m'bafa, thukuta, mvula yowaza, ngakhale nthunzi ya mumphika. Ambiri amaiwala ya mumphikayi. Kuvundula nsima mutu uli pamtunda, nkhope ili pamwamba pa nthunzi, n'kokwanira kufufumitsa kutsogolo konse. Ine ndikangofika pakhomo ndimapanga wrap n'kumanga mpango ndisanayatse moto. Posamba, mpango mkati, kachipewa kapulasitiki pamwamba. Pokwera kabaza wa njinga yamoto, mpango wa satini pansi pa chipewa cha chitetezo, ndipo ambulera sachoka m'chikwama kuyambira Novembala mpaka Epulo.

Usiku mpango ukhale wa satini kapena silika. Chitenje ndi pilo wa thonje zimamwa mafuta a m'tsitsi ndipo zimalikhula usiku wonse. Mfundo ya mpango muzisinthasintha pomangira, ndipo wrap muzizunguliza mbali ina sabata ino, mbali inayo sabata yamawa, kuti mbali imodzi isapyapyale. Ngati mukusunga mafunde, wrap iwaphwanya. M'malo mwake tengani tsitsi m'zigawo 6 kapena 8, chilichonse muchizungulize pa zala ziwiri, muchigoneke pamutu n'kupana ndi pini. Pakati pa sabata, kadontho ka moisturiser kunsonga kokha, tsiku ndi tsiku kapena modumphitsa. Mukapaka wambiri wamadzimadzi, seti imatha tsiku lomwelo. Yanga imafika masiku 6, nthawi ya mvula 4.

Pa tsiku lomwe mwathira relaxer seti imatheka ndithu, ndipo imatuluka yosalala kuposa masiku onse, bola mwatsuka ndi shampu ya neutralizer mpaka mankhwala atheretu. Koma ngati mankhwala akuwotchani n'kusiya zilonda, lotion asafike pakhungu, makilipi asagunde pabalapo, ndipo pomwe pali nkhanambo musapalepo ndi chipeso. Zilonda zikayamba kutulutsa mafinya kapena tsitsi likamathothoka m'magulumagulu kusiya khungu loyera, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Marola nawonso amafuna kusamba. Lotion amaumirapo, fumbi n'kumatirira, ndipo rola yonata sigwira nsonga bwino. Kamodzi pamwezi ndimawaviika m'madzi ofunda a sopo limodzi ndi zipeso, kuwatsuka ndi mswachi wakale, n'kuwayanika pathaulo. Makilipi ndimawapukuta nthawi yomweyo kuti asachite dzimbiri, chifukwa kilipi ya dzimbiri imaluma tsitsi pochotsa. Rola yomwe yang'aluka m'mphepete ndimataya. Zikauma ndimawerenga, marola 30, makilipi 60, ndipo akapereweza ndimayamba kufunsa mwana wanga wamkazi, yemwe masiku ano wayamba kumanga chidole chake msewu wa pakati.